Clematis Zotulutsa Maluwa Msanga: Iti Ikuyenera Khoma Lanu?

Kuyambira mu Malichi, masitolo a maluwa ku Britain amadzaza ndi clematis, zomera zoyanga zimene anthu amakonda kuphimbira khoma kapena mpanda wa kuseri kwa nyumba. Zonse zimakhala m'miphika yofanana, zitamangiriridwa ku kansungwi kotalika chimodzimodzi, iliyonse ili ndi chithunzi chokopa. Ambiri amalakwira pomwepo. Pa ziwiri zimene zaima moyandikana pashelefu, ina idzalekera pa mamita awiri pamene inzakeyo idzafika mamita khumi n'kuyamba kulowa pansi pa denga. Chithunzi sichinena zimenezi. Tepi yoyezera ndi kumene khoma lanu layang'ana ndiye zimasankha, mtundu wa duwa ubwere pambuyo.

## Zoyamba kuziona musanatulutse ndalama

Kukula kwa malo. Yezani kutalika ndi kutambalala kwa khoma kapena mpanda. Mipanda yambiri ya matabwa ku Britain imatalika mamita 1.8. Nambala imeneyi muisunge m'mutu, chifukwa ikuchotseranitu mitundu ina.

Kumene khoma layang'ana. Ku Britain dzuwa limadzera chakumwera, choncho khoma loyang'ana kumwera kapena kumadzulo ndiye lofunda. La kumpoto limakhala mumthunzi pafupifupi tsiku lonse. La kum'mawa lili ndi msampha wake: dzuwa la m'mamawa likawomba mphukira zimene zagwidwa ndi chisanu usiku, zimasungunuka mofulumira n'kupsa. Abale amene mukusamalira minda ya maluwa ku Johannesburg kapena ku Cape Town, zonsezi muzitembenuze. Kumeneko khoma lofunda ndi loyang'ana kumpoto, ndipo zimene pano tikuti Epulo kwa inu ndi cha mu Okutobala.

Kuzizira ndi mphepo. Bungwe la za minda ya maluwa ku Britain la Royal Horticultural Society limaika nambala yosonyeza kupirira kwa chomera, ndipo imapezeka pa malebulo ambiri. H4 ndi chomera chopirira mpaka cha m'ma -10 °C, H5 mpaka -15 °C, H6 mpaka -20 °C. Munthu wa ku Aberdeen, kumpoto ku Scotland, ndi wa ku Brighton, kumwera kwa England, sangagule chimodzimodzi.

Dothi. Kumbani kadzenje kakuya masentimita 30, muthiremo ndowa ya madzi. Ngati madziwo akadalimo mawa lake, muli ndi dothi la makande losunga madzi, longa la madera ambiri a ku London. Mitundu ina idzavunda mizu m'dothi lotere m'nyengo yozizira yoyamba yomwe.

Masamba. Ina imakhala yobiriwira chaka chonse. Ina imayoyola masamba n'kusiya mitsitsi youma ngati chisa cha mbalame kwa miyezi isanu. Ngati cholinga n'chakuti aneba asakuoneni mu Januwale, nkhaniyi ndi yaikulu.

Gulu la kadulidwe. Palebulo mudzaona Group 1, Group 2 kapena Group 3. Zotulutsa maluwa msanga zambiri ndi za Group 1, kutanthauza kuti maluwa a chaka chino amatuluka pa nthambi zimene zinamera chaka chatha. Mukadulira mu Febuluwale poti mukukonza munda, mwataya maluwa onse a chakacho. Kudulira kumachitika maluwa akangotha basi.

Pali chinthu china chokhudza mitundu yonse: kakweredwe. Nyemba zimazunguliza tsinde lonse pa mtengo, maungu amagwira ndi tizingwe tawo. Clematis imagwira ndi kaphesi ka tsamba, kamene kamapinda ngati chala n'kukola chilichonse chopyapyala. Sikangakole thabwa lonenepa kapena njerwa. Pamafunika waya kapena ukonde wa waya, chinthu chosaposa kunenepa kwa pensulo. Kokani mawaya mopingasa, motalikirana masentimita 30 mpaka 45, ndipo pakati pa waya ndi khoma pakhale mpata wa masentimita 5 kuti masamba azitha kuzungulira komanso mpweya uzidutsa. Ndalama ya mawaya ndi zomangira muiwerengere pamodzi ndi ya chomeracho.

## Clematis montana

Kwawo ndi ku mapiri a Himalaya ndi ku China. Inafika ku Britain mu 1831, ndipo ya maluwa a pinki yotchedwa rubens anabwera nayo wofufuza zomera Ernest Wilson kuchokera ku China mu 1900. Imachita maluwa mu Meyi mpaka kumayambiriro kwa Juni, ang'onoang'ono koma ochuluka moti masamba saoneka. Imatalika mamita 8 mpaka 12. 'Elizabeth' ndi 'Mayleen' zimanunkhira ngati vanila. Ya maluwa oyera yotchedwa grandiflora ndiye yolimba kwambiri pamthunzi. 'Freda' ndi yodekhako, siithamanga ngati zinzake.

Ndalama: Ndi yotsika mtengo pa zonse, chifukwa imagwira msanga akaidula n'kuibzala. Tating'ono ta m'miphika ya masentimita 9 timagulitsidwa mapaundi ochepa m'masupamaketi. Ya mumphika wa malita awiri kapena atatu nthawi zambiri imakhala pakati pa mapaundi 10 ndi 20. Ndalama yeniyeni imapita ku chinthu choti ikwerepo. Montana yokhwima imalemera, makamaka ikanyowa, ndipo mphepo ya mu Januwale ikaiwomba imakhala ngati thanga la bwato. Mpanda wa matabwa opyapyala wokhala ndi nsanamira zoyamba kuvunda sungapirire.

Kapezekedwe: Paliponse, kuyambira mu Malichi mpaka mu Juni. Chenjerani ndi zolembedwa "montana" chabe popanda dzina lina, chifukwa simudziwa ngati idzanunkhira kapena kuti pinki wake ndi wotani.

Kasamalidwe: Zaka ziwiri zoyamba imangofuna madzi ndi kulondolera nthambi. Zigonekeni mopingasa pa mawaya m'malo mozisiya kuti zithamangire kumwamba, apo ayi maluwa onse adzakhala pamwamba, m'munsi muli mbee. Kuyambira chaka chachitatu kapena chachinayi ntchito imayamba, ndipo walira mvula walira matope. Chaka chilichonse mu Juni, maluwa akangofota, pamafunika makwerero ndi sizasi ya m'munda kuchotsa nthambi zimene zalunjika ku mipaipi ya madzi a mvula, kumawindo ndi kwa aneba. Ikakula mopyola muyeso mutha kuidula yonse n'kusiya masentimita 30 mpaka 60 kuchokera pansi, nthawi yomweyo ya maluwa atatha. Imaphukanso, koma chaka chotsatira maluwa amakhala ochepa, ndipo tsinde lokalamba kwambiri nthawi zina silidzukanso. Musanadule, suzumirani m'kati. Mbalame zimakonda kumanga zisa mu montana, ndipo lamulo la mu 1981 loteteza nyama zakutchire ku Britain limaletsa kuwononga chisa chimene chikugwiritsidwa ntchito. Mukapeza mazira kapena anapiye, dikirani.

Zovuta zake: Vuto lalikulu ndi kukula komweko. Nthambi zimalowa pansi pa matailosi a denga, zimatseka mipaipi, zimaphimba timitengo ta maluwa toyandikana nayo mpaka kutipha. Chisanu chochedwa cha kumapeto kwa Epulo chikhoza kuwononga mphukira za maluwa usiku umodzi, chaka chonse n'kupita pachabe. Palinso matenda amene amabwera chisanu chikang'amba tsinde: pang'alupo pamatuluka madzi onanda, oyererako kapena a pinki, onunkha, ndipo nthambi zonse za pamwamba pake zimafota. Dulani pansi pa bala, pamene mtengo uli woyera bwino, ndipo nthawi zambiri imaphukanso. Maluwa ake amakhala milungu itatu kapena inayi yokha. Miyezi yotsalayo muli ndi masamba, kenako mitsitsi youma.

## Clematis alpina ndi Clematis macropetala

Ziwirizi ndi pachibale ndipo kasamalidwe kake n'kamodzi. Alpina imamera m'mapiri a ku Ulaya monga Alps, macropetala kwawo ndi kumpoto kwa China, ku Mongolia ndi ku Siberia. Maluwa ake amalendewera pansi ngati timabelu, mu Epulo ndi Meyi. A alpina amakhala ndi timasamba tinayi, a macropetala amaoneka odzaza ngati siketi ya mipindo yambiri. Zimatalika mamita awiri mpaka atatu. 'Frances Rivis' ndi 'Pamela Jackman' ndi za buluu, 'Constance' ndi 'Markham's Pink' ndi za pinki. Maluwa akatha pamatsala timipira ta ubweya wonyezimira timene timakongoletsa mpanda mpaka nyengo yozizira ikuyandikira.

Kwa munthu wokhala ndi munda wamba wa kuseri kwa nyumba ya m'tauni, izi ndiye zoyenera kuyamba kuziganizira, ngakhale sizikopa maso m'sitolo ngati zinzake.

Ndalama: Pakatikati, pafupifupi mapaundi 12 mpaka 20 ya mumphika wa malita awiri. Sizilemera, choncho ukonde wa waya wamba pa mpanda ndi wokwanira.

Kapezekedwe: Zimapezeka kwambiri mu Malichi ndi Epulo pamene zili ndi maluwa, kenako zimasowa m'masitolo. Ngati mukufuna dzina lenileni, itanitsani pa intaneti kwa alimi a clematis okhaokha.

Kasamalidwe: N'kochepa. Sizifuna kudulira chaka chilichonse, kungochotsa nthambi zouma ndi zosokonekera maluwa akatha. Chachikulu ndi kabzalidwe. Mizu yake ndi yopyapyala ngati ulusi, yosiyana ndi mizu yonenepa ya clematis za maluwa akuluakulu, ndipo imavunda msanga ikakhala m'madzi. Malangizo ofala akuti clematis izibzalidwa mwakuya sakhudza ziwirizi. Dothi la mumphika lilingane ndi dothi la m'munda. Ngati muli ndi makande, sakanizani timiyala ting'onoting'ono ndi kompositi pa malo otambalala, osati m'dzenje mokha, chifukwa dzenje lofewa pakati pa makande limasanduka chitsime. Kapena kwezani dothi ngati kamzere masentimita 15 n'kubzala pamwamba.

Zimachita bwino mumphika. Ukhale wosachepera masentimita 45 kuya ndi kutambalala komwe, wa mabowo pansi, ndipo muuike pa tinjerwa kuti madzi azituluka. Dothi la m'matumba la John Innes No. 3 losakaniza ndi timiyala ndi labwino kuposa kompositi yopepuka, imene imauma msanga m'chilimwe n'kunyowa mopitirira m'nyengo yozizira. Chaka chilichonse mu Malichi chotsani masentimita 5 a pamwamba n'kuikapo dothi latsopano.

Zovuta zake: Kuzizira si nkhani, zili pa H6 ndipo zimapirira ngakhale pakhoma la kumpoto ku Scotland. Chimene chimazipha ndi madzi odikha, ndiponso khoma la kumwera lotentha kwambiri pamene mizu ikuuma. Maluwa ndi ang'ono, fungo palibe kapena n'lochepa, ndipo m'nyengo yozizira zimaoneka ngati zafa. Ambiri amazizula mu Febuluwale poganiza kuti zauma. Kandani khungwa ndi chikhadabo: ngati m'kati muli mobiriwira, ili moyo. Mumphika, mphutsi zoyera zopindika za kachirombo kotchedwa vine weevil zimadya mizu mobisa. Chizindikiro chake ndi masamba odyedwa m'mphepete ngati aboola ndi chobowolera matikiti.

## Clematis armandii

Iyi ndi ya ku China, inatchedwa dzina la wansembe wa ku France Armand David, ndipo nayonso anaibweretsa ndi Wilson mu 1900. Masamba ake ndi aatali, olimba, onyezimira, ofananako ndi a mango, ndipo sayoyoka. Maluwa oyera onunkhira kwambiri amabwera mu Malichi ndi Epulo. 'Apple Blossom' ili ndi kapinki pang'ono, 'Snowdrift' ndi yoyera mbuu. Imatalika mamita 5, pamalo abwino kupitirirapo.

Ndalama: Ndi yodula pa zonse, nthawi zambiri kuyambira mapaundi 20 kukwera. Chifukwa chake n'chakuti imavuta kuchulukitsa, nthambi zake sizigwira mizu msanga. Imalemeranso, ndiye mawaya akhale olimba, omangidwa ku njerwa.

Kapezekedwe: M'masitolo akuluakulu a maluwa mu Febuluwale mpaka Epulo. Tating'ono totchipa ta m'supamaketi sitipezeka kawirikawiri.

Kasamalidwe: Ifuna khoma la kumwera kapena kumadzulo, lotchingidwa ku mphepo. Dulirani pang'ono chaka chilichonse maluwa akatha, m'malo modikira zaka zisanu n'kudzaidula kwambiri, chifukwa tsinde lakale silichedwa kukhumudwa. Ntchito imene ogulitsa saitchula ndi ya masamba akufa. Chomera chobiriwira chaka chonse chimasinthabe masamba, koma a armandii akafa sagwa. Amakhala pomwepo, ofiirira, olendewera ngati fodya m'chigafa, ndipo muyenera kuwadula limodzilimodzi ndi sizasi.

Zovuta zake: Ili pa H4. Mphepo yozizira ya kum'mawa imawotcha masamba n'kuwadetsa, ndipo m'madera ozizira a kumpoto kwa England ndi ku Scotland ikhoza kufa m'chaka choipa. Ikakula, m'munsi mumayera, masamba onse ali pamwamba, choncho kubisa kumene munkafuna pa msinkhu wa munthu kumatha. Amene muli ndi agalu okonda kutafuna masamba, dziwani kuti clematis zonse zili ndi madzi owawa amene amayabwa pakhungu ndi kupweteka m'kamwa ndi m'mimba, ndipo armandii imakhala ndi masamba chaka chonse. Podulira mtundu uliwonse valani magolovesi.

## Clematis cirrhosa

Iyi ndiye yofulumira kuposa zonse, chifukwa imachita maluwa m'kati mwa nyengo yozizira, kuyambira cha mu Novembala mpaka Febuluwale kapena Malichi. Kwawo ndi m'maiko ozungulira nyanja ya Mediterranean. Maluwa ake ndi timabelu toyererako. 'Freckles', imene inatulutsidwa ndi mlimi wa clematis Raymond Evison wa ku chilumba cha Guernsey, ili ndi madontho ofiira m'kati. 'Wisley Cream' ndi 'Jingle Bells' zilibe madontho. Imatalika mamita atatu mpaka anayi.

Ndalama: Yokwererapo pang'ono kuposa alpina, yotsika kuposa armandii.

Kapezekedwe: Kuyambira mu Okutobala mpaka Febuluwale. 'Freckles' ndiye yosavuta kupeza.

Kasamalidwe: Khoma lofunda ndi dothi losasunga madzi. Popeza kukongola kwa duwa kuli m'kati ndipo limayang'ana pansi, ibzaleni pamene muzidzadutsa pansi pake, monga pamwamba pa khomo kapena pa chipata. Pampanda wofika m'chiuno mudzangoona misana ya maluwa. Dulirani pang'ono mu Epulo.

Zovuta zake: Kwawo chilimwe chimakhala chouma, ndiye inazolowera kugona nthawi yotentha. Mu Julayi ndi Ogasiti masamba akhoza kufiira n'kuyoyoka. Si matenda, ndipo kuithira madzi ambiri poganiza kuti ikufa n'kumene kumaipha. Imadzuka yokha mu Sepitembala. Choncho nthawi imene mumakhala panja kuwotcha nyama ndi alendo, iyo imakhala pa maonekedwe ake oipitsitsa. Pamthunzi imangochita masamba. Ubwino wake wina ndi wakuti njuchi zikuluzikulu zimene zimatuluka masiku ofunda a mu Januwale zimapezapo chakudya pamene kwina kulibe.

## Clematis × cartmanii

'Avalanche' ndi 'Joe' ndi zochokera ku mitundu ya ku New Zealand. Mu Epulo zimadzaza maluwa oyera pa masamba ong'ambikang'ambika obiriwira chaka chonse, ndipo m'sitolo zimagulitsa zokha.

Ndalama: Zodula, pafupi ndi armandii. Kapezekedwe: Milungu yochepa ya mu Malichi ndi Epulo. Kasamalidwe: Sizigwira zokha bwino, muyenera kumangirira nthambi iliyonse. Zimakonda mphika wa dothi la timiyala. Zovuta zake: Sizipirira chisanu champhamvu kapena kunyowa kwa nthawi yaitali, ndipo nkhono zimazikonda. Kunja kwa madera ofunda a kumwera ndi a m'mphepete mwa nyanja, mphikawo uyenera kulowa pamalo otchingidwa m'nyengo yozizira.

## Za maluwa akuluakulu zoyambirira

Izi ndi za Group 2, monga 'Nelly Moser' imene inatuluka ku France mu 1897, ndi 'The President' ya buluu wakuda. Duwa limodzi limatha kukula ngati chikhatho chotambasula. Zimachita maluwa mu Meyi ndi Juni, kenako kachiwiri pang'ono cha mu Ogasiti ndi Sepitembala. Zimatalika mamita awiri mpaka atatu.

Ndalama: Monga alpina, ndipo tating'ono totchipa timapezeka kwambiri.

Kapezekedwe: Paliponse, mitundu yosawerengeka.

Kasamalidwe: Pano ndiye pali ntchito. Zibzalidwe mwakuya, pamwamba pa dothi la mumphika pakwiririke masentimita 5 mpaka 8, kuti mfundo zina zikhale pansi pa nthaka. Zimadya kwambiri: feteleza wa maluwa a rozi mu Malichi, kenako feteleza wamadzi wa tomato milungu iwiri iliyonse mpaka mphukira za maluwa zitatsala pang'ono kutseguka. Kudulira ndi kawiri. Kumapeto kwa Febuluwale tsatirani nthambi iliyonse kuchokera kunsonga kutsika mpaka mutapeza mphukira ziwiri zonenepa, n'kudula pamwamba pake. Maluwa oyamba akatha, dulaninso pang'ono pansi pa duwa lililonse.

Zovuta zake: Matenda ofotetsa clematis, oyambitsidwa ndi fangasi, amagwira kwambiri gulu limeneli. Nthambi yathanzi, yodzaza mphukira, imafota mwadzidzidzi ngati yathiridwa madzi otentha, masamba n'kuda. Mankhwala ake palibe m'sitolo. Dulani nthambiyo mpaka pansi, muitaye m'bini osati pa kompositi, ndipo pukutani sizasi. Apa m'pamene kubzala mwakuya kumapulumutsa, chifukwa fangasiyo salowa m'mizu ndipo mfundo zokwiririka zimaphukanso, nthawi zina patapita chaka. Musafulumire kuzula. Komanso si kufota kulikonse kumene kuli matendawa: nthawi zambiri mukayang'ana m'munsi mudzapeza kuti nkhono zasenda khungwa kuzungulira tsinde, kapena mphepo yathyola nthambi yosamangirira. Montana, alpina ndi macropetala sizigwidwa kawirikawiri ndi matendawa. 'Nelly Moser' imasuluka mtundu padzuwa lamphamvu, ndiye malo ake ndi a mthunzi pang'ono.

## Kabzalidwe kokhudza zonse

Nthawi yabwino ndi Malichi mpaka Meyi, kapena Sepitembala ndi Okutobala pamene dothi likadali lofunda. Armandii, cirrhosa ndi cartmanii zibzalidwe mu Epulo kapena Meyi kuti zikhazikike chisanu chisanabwere.

Musakumbe m'tsinde mwa khoma. Pamenepo mvula sifika ndipo njerwa zimamwa chinyontho. Dzenje likhale masentimita 30 mpaka 45 kuchokera kukhoma, lotambalala kawiri kuposa mphika, ndipo chomeracho chipendekere kukhoma motsamira kansungwi kake. Mphika uyambe wamizidwa m'ndowa ya madzi kwa mphindi 20. Mukabzala thirani malita 10, ndipo pitirizani malita 10 pa mlungu nthawi youma kwa zaka ziwiri. Kuwaza pang'ono tsiku lililonse kumangokokera mizu pamwamba.

Mizu imafuna pozizira. Ambiri amaika matailosi kapena miyala yafulati pamwamba pake, koma pansi pa mwala ndi pogona nkhono. Ndi bwino kuyala kompositi kapena makungwa ogaya masentimita 5 mpaka 7, osakhudza tsinde, kapena kubzala chomera chachifupi patsogolo. Mu Malichi ndi Epulo tulukani ndi tochi usiku kukatola nkhono, chifukwa mphukira zanthete zotuluka pansi zimatha usiku umodzi.

Chinthu chowawa koma chofunika: chomera chatsopano chimene chili ndi nthambi imodzi kapena ziwiri chidulidwe n'kusiya masentimita 30, pamwamba pa mphukira ziwiri zamphamvu. Za Group 1 muchite zimenezi maluwa oyamba akatha. Mukapanda kutero mudzakhala ndi chingwe chimodzi chowonda chokwera mpaka pamwamba. Mukatero chimatulutsa nthambi zinayi kapena zisanu kuchokera m'munsi. Tating'ono ta m'supamaketi tisapite m'munda nthawi yomweyo, mizu yake ndi yochepa moti nkhono ndi chilala zimatimaliza. Tisamutsireni mumphika wa malita awiri, tikhale chaka chathunthu, kuona maso a nkhono n'kudekha. Posankha m'sitolo, tembenuzani mphika muone ngati mizu ikusuzumira m'mabowo, ndipo tengani ya nthambi zingapo kuchokera pansi ngakhale ilibe duwa. Chizindikiro cha kachikho cholembedwa AGM chimasonyeza kuti mtunduwo unayesedwa ndi Royal Horticultural Society n'kupezeka wodalirika.

## Iti ya ndani

Muli pa lendi, kapena muli ndi khonde chabe: alpina kapena macropetala mumphika wa masentimita 45, yokwera pa nsungwi zitatu zomangidwa pamwamba. Simuboola khoma la eni ake, ndipo posamuka mumanyamula.

Mpanda wa mamita 1.8 pakati pa inu ndi aneba: alpina, macropetala, kapena ya maluwa akuluakulu ngati muli ndi nthawi yoisamalira. Yambani mwafunsa kuti mpandawo ndi wa ndani musanakhomepo kanthu. Montana pano ayi, ngakhale itatsika mtengo chotani.

Shedi yonyansa, galaja, khoma lalitali la njerwa, kapena mtengo waukulu wokhwima: apa ndiye pa montana. Ngati khomalo layang'ana kumpoto tengani grandiflora. Ngati ndi padzuwa pafupi ndi pokhala, 'Elizabeth' kapena 'Mayleen' chifukwa cha fungo. Ngati m'nyumba mulibe wokwera makwerero chaka ndi chaka, isiyeni.

Mukufuna kubisika chaka chonse ndipo mumakhala kumwera kwa England kapena m'kati mwa mzinda momwe mumafunda: armandii pakhoma la kumadzulo kapena kumwera. Kumpoto, monga ku Leeds, ku Newcastle kapena ku Glasgow, pokhapokha pangodya yotchingidwa bwino.

Mukufuna duwa pa Khirisimasi pakhomo lolowera: cirrhosa 'Freckles', ndipo pafupi pake mubzale china chodzaphimba manyazi ake mu Julayi.

Dothi ndi makande osunga madzi ndipo simungalikonze: montana ndi za maluwa akuluakulu zimapirirako kuposa zinzake, koma alpina, cirrhosa ndi cartmanii zipite mumphika.

Malo ozizira, a mphepo, oyang'ana kumpoto kapena kum'mawa: alpina kapena macropetala. Ndipo ngati khoma ndi lotambalala mamita atatu kapena kuposa, bzalani alpina mbali ina ndi 'Nelly Moser' mbali inayo, motalikirana mita imodzi ndi theka kuti podulira muzitha kusiyanitsa nthambi. Maluwa adzayamba mu Epulo, ina ikamatha inzake ikuyamba, mpaka kumapeto kwa Juni.